Mchenga M'mbiya ya Nachanza

Woyamba kundiuza nkhani ya mkazi amene mowa wake unakana kuwira anali mkulu wina woluka makhuntho, dzina lake Chikadza. Tinakumana pa dima, m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri umene dzina lake ndinaliiwala. Tinali titapalira munda wa eni mowa kuyambira m'mawa, makasu titawaimika pa mtengo wa msuku, chipanda chikuzungulira. Chikadza sanalime nawo. Anakhala pa chulu akuluka khuntho, kathumba ka mlaza kaja amakunthira mowa kuti masese atsale, ndipo ankalankhula osayang'ana munthu.

"Kunali mkazi," anatero, "kutali uko. Mowa wake ukapsa, ngakhale a kwaya ankadwala mutu Lamulungu. Tsono amake atamwalira anafulula wa bona. Mukudziwa inu, wa bona umafuna kudika, mwamuna mphasa yake, mkazi mphasa yake, mpaka mizimu imwe. Koma mayiyu anali ndi wake wa njinga, wogulitsa usipa. Tsiku la bona, kuvundukula mbiya, zii! Phala la mwana. Mizimu yakana."

"Nanga mwamuna wake?" wina anafunsa.

"Munthu wa Mulungu uja? Anangotola nkhwangwa yake n'kumapita. Mpaka lero akulira m'misewu."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, chifukwa chipanda chinali m'manja mwanga ndipo ankadikira kuti ndimwe ndipatse wina. Chikadza sankadziwa kuti mwamunayo ndine. Sankadziwanso kuti wa njinga kunalibe.

Ndinene mmene zinalili. Ine ndinakulira m'nyumba ya mkulu wa mpingo, mmene mowa sunkaphikidwa, ndipo chimera ndinachiona koyamba ndili ndi ndevu. Ndinakakwatira kutali, chikamwini, kwa Nachanza. Iye ankafulula ndi mbiya ya amake, imene amakewo analandira kwa amayi awo, mbiya yakuda, yondifika m'chiuno, ya mlomo wobenthuka mbali imodzi. Inkakhala pakona pa mdima m'nyumba. Akathiramo thobwa ankaivundikira ndi lichero. M'mawa mwake ankagwada, n'kugogoda kawiri ndi chala, n'kuika khutu pa mimba ya mbiyayo. "Mwadzuka?" ankaifunsa choncho, mwaulemu, ngati akulonjera munthu wamkulu. Ndipo mkatimo munkamveka kuwira, pang'onopang'ono, ngati mvula ikubwera kutali.

Apongozi anga atamwalira, chaka chitatha, nthawi ya chilimwe, abale anagwirizana za bona. Tinadika, ine ndi Nachanza, monga mwambo unenera. M'mudzimo ankandinena kuti ndine mkamwini wa manja ofewa, wodziwa kuwerenga kalata koma wosadziwa kusema mpini. Ndinkafuna ndichite kanthu kamodzi kooneka. Tsiku lina masana, akazi onse atapita kukasinja chimera kwa azakhali ake, ndinasuzumira m'mbiya muja. Mkati munali zouma zakuda, zokangamira m'mbali ngati makungwa, ndi fungo lowawasa. Ndinati mumtima, mowa wa apongozi anga ukhale m'litsiro lotere? Ndinaigubuduza mpaka kuseri kwa nkhokwe. Ndinatenga mchenga wa kumtsinje ndi chiguduli, kenako phulusa, ndi kukwecha mpaka dothi lofiira linaonekera. Ndinaitsukuluza, n'kuiyanika pa dzuwa, n'kuibwezera pakona pake. Ndinakondwa. Sindinauze munthu. Ndinkati mowa ukadzakoma ndidzanena.

Tsiku la bona kunabwera anthu a midzi itatu. Atsibweni ake a Nachanza anavundukula lichero, natunga ndi chipanda, nalawa. Linali thobwa lozizira, loyamba kuonongeka. Azakhali aja anaimirira.

"Mbiya iyi sinanamepo," anatero. "Chiiumbire sinaone mchenga. Mphamvu ya mowa wa amayi athu ili m'mbali zakemu, mowa uliwonse umadzutsa unzake. Ngati yagona, alipo watentha."

Pamenepo ndi pamene ndinadziwa chimene ndinachita. Zakuda zimene ndinakwecha zija ndizo zinali moyo wa mbiyayo.

"Mkamwini," anatero azakhaliwo, "tiuzeni pamaso pa anthu. Munadika?"

"Ndinadika."

Sindinaname. Koma mawu amodzi omwewo ndiwo anamupha Nachanza.

"Ndiye kuti moto wachokera kwina."

Maso onse anapita kwa Nachanza. Iye anayang'ana ine. Sanalire, sanalumbire, anangondiyang'ana. Ine ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga. Mwamuna wolowetsa mutu m'mbiya ya apongozi ake, ndi chiguduli m'manja, akazi akanamuimba pa mtondo mpaka imfa. Ndinaopa nyimbo. Ndi zokhazo. Patapita masiku atatu ndinatola nkhwangwa masana, ngati ndikukatema nsungwi, ndipo sindinabwerere.

Nkhani ya Chikadza inandipeza patapita zaka zitatu kapena zinayi. Ndinkaganiza kuti ndinasiya tsokalo m'mudzi umodzi. Tsopano ndinaona kuti linali ndi miyendo, ndipo linkayenda mofulumira kuposa ine. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kutsata mowa monga mbalame zitsatira mapira. Dzinja ndinkalima madima. Masika ndinkanyamulira anthu madengu, n'kukhala nawo pa mowa wothokozera zokolola. Chilimwe, kumene ng'oma ya bona kapena ya chinamwali yalira, ndinkapezeka kumbuyo kwa anthu. Ndinkatola nkhani za alendo monga ena atolera nkhuni, ya munthu amene anagulitsa mthunzi wa mtengo wake, ya mapasa amene anakwatira mkazi mmodzi osadziwa, zambiri. Koma khutu langa linkadikira imodzi. Ndinkafuna ndimve kumene mkazi wa m'nkhaniyo anathera, kuti ndikamuuze.

M'mudzi wina wa m'dambo ndinakhala nyengo ziwiri kwa mayi wamasiye amene ntchito yake inali yomeretsa chimera cha anthu ofulula. Ndinkamutungira madzi ndi kumudulira masamba a nthochi. Iye ndiye anandiphunzitsa. Mawere amanyikidwa tsiku limodzi, amakhetsedwa madzi, amayalidwa pa mthunzi n'kufunditsidwa masamba. Kenako umadikira. Tsiku lachitatu timizu toyera timatuluka, ndipo pamenepo umayanika msanga pa dzuwa.

"Mukachedwa tsiku limodzi, achimwene, sichimeranso ayi, ndi udzu," ankatero. "Mungalire, mungapemphere, udzu subwerera kukhala mawere."

Tsiku lina tikutembenuza chimera pa mphasa anandiuza nkhani ija. Kwa iye mwamuna wamseri sanali wa usipa, anali telala wa pa sitolo, ndipo Nachanza analandira diresi la maluwa. Nachanza amene ndinkamudziwa ine anali ndi zitenje ziwiri, china chong'ambika m'mphepete. Ndinafunsa kuti mkaziyo anapita kuti.

"Apite kuti? Munthu wotero amangofota pomwepo."

Mawu amenewo anandibweza. Ndinayenda masabata angapo kubwerera kumudzi kwa Nachanza. Njira inali yomweyo koma mitengo inali itafupika, kapena ndine ndinaiwala. Nyumba yathu inali itagwa denga, m'kati mutamera maungu. Mlamu wanga, mchimwene wake wa Nachanza, ndinamupeza akufolera khola la mbuzi. Sanatsike.

"Mwabwera kudzatenga chiyani, alamu? Nkhwangwa munatenga kale."

"Ndabwera kwa alongo anu."

"Alongo anga anakhala pano chaka chimodzi. Anafulula wa masika, wabwinobwino, wowira. Sipanabwere munthu. Anauthirira nkhumba. Wa Khirisimasi chimodzimodzi. Akazi pa chitsime ankachotsa ndowa zawo iye akafika. Tsiku lina anasenza mbiya ija pamutu, yopanda kanthu, n'kuwoloka mtsinje. Sanatsanzike."

Ndinamuuza zonse, ndili chiimire pansi pa kholalo, iye ali pamwamba. Mchenga, phulusa, chiguduli. Anasiya kumanga udzu.

"Azakhali anafa. Atsibweni anafa. Mukundiuza ine kuti nditani nazo? Ndikawauze kumanda? Kauzeni mwini wake." Anatola luzi n'kupitiriza. Nditafika pa mpanda anaitana. "Alamu! Chikhala kuti munanena tsiku lomwelo, tikanakusekani mwezi umodzi basi."

Ndinawoloka mtsinje pamene anawolokera Nachanza. Kutsidyako njira zinali zitatu, ndipo ndakhala ndikuziyenda zonse, ina kawiri.

Ina inandifikitsa m'tauni, kuseri kwa msika, kumene akazi amafulula m'migolo yachitsulo sabata iliyonse, osadikira nyengo. Kumeneko mowa ulibe mwini mzimu, ulibe munda umene ukuthokoza. Umapsa Lachisanu chifukwa ndi Lachisanu. Ndinagwira ntchito kwa mayi wina wonenepa, wa mawu aakulu ngati a mwamuna. Ndinkawaza nkhuni ndi kutakasa phala ndi mthiko wautali kuposa ine. Lolemba lililonse ankandipatsa sopo ndi waya wotsukira kuti ndikweche migolo. Tsiku loyamba manja anga anakana.

"Mayi, simuopa kuti mowa ugona?"

"Ugone chifukwa chiyani?"

"Mukatsuka mkatimo."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anatulutsa kapepala ka yisiti m'thumba la epuloni n'kundigwedezera pamphuno. "Mizimu yanga ndi iyi, madala. Imagulitsidwa pa golosale. Kwechani, musasiye kanthu."

Ndinakwecha migolo imeneyo zaka zingapo. Sindidziwa ngati pali malo amene ndinasungulumwa kuposa pamenepo. Chimene chinandithamangitsa kwathu chinali ntchito ya Lolemba, ndipo ankandiyamikira nacho. Nkhani ija inafikanso kumeneko, pakamwa pa mlonda wina. Mwamuna wamseri anali atasanduka kondakitala wa basi. Nditamva ndinavula epuloni ya thumba la feteleza, n'kupita.

Kamodzi ndinayesa kuikonza nkhaniyo. Unali mowa wa masika, m'mudzi wa nkhokwe zambiri, chaka chimene chimanga chinachita bwino mpaka ankachiunjika pansi. Anthu anakhala m'magulu pansi pa mikuyu, amuna uku, akazi uku, mwini mowa atalawa chipanda choyamba pamaso pa onse monga zikhalira. Munthu wina wa mkanda m'khosi anaikamba, ndi wa njinga wake yemwe. Atatha ndinati, "Ine ndinaimva mwina. Akuti mkaziyo analibe mlandu. Mwamuna wake ndiye anatsuka mbiya ndi mchenga."

"Mwamuna kutsuka mbiya?" anatero wa mkanda uja. "Kwanu n'kuti, alendo?"

"Ndi mmene ndinamvera."

"Anakunamizani. Mwaononga nkhani yabwinobwino. Tsono wa njinga uja apite kuti?"

"Mupatseni chipanda atseke pakamwa," anatero wina, ndipo anandipatsa, ndipo ndinatseka. Ndinali nditanena kuti akuti. Sindinanene kuti ndine. Nkhani ya akuti ilibe msana, imagwa ndi mpweya wa munthu mmodzi.

Zaka zinapita, sindinaziwerenge. Ndevu zinayera, bondo lamanzere linayamba kulosera mvula. Midzi inayamba kufanana. Paliponse pali mkuyu, chitsime, galu wofiira wogona pa phulusa. Paliponse ndinkafika mowa usanapse, n'kupempha kuti ndiwaze nkhuni, kuti ndione wofululayo akadzuka m'mawa kupita ku mbiya yake. Ena ankanunkhiza. Ena ankapisa chala. Wina ankaiopseza ndi mthiko. Wogwada n'kulonjera sindinamuone. Nthawi zina ndinkalota ndikugubuduza mbiya m'njira yaitali, ikukula pamene ndikuikankha, mpaka ndinkalowa m'kati mwake n'kupeza mudzi, ndi mkuyu, ndi anthu atakhala kudikira kuti ndiyankhe.

Masika ena ndinafika kumudzi wa kuseri kwa mtsinje wouma. Mapira anali atadulidwa, ngala zitaunjikidwa pa thandala. Anandilozera nyumba ya kumapeto, kumene kunali utsi. Wofulula anali mayi wokalamba, wowonda, maso ake atachita nkhungu. Anthu ankamutcha Amake Sineya. Ndinapempha nkhuni zoti ndiwaze, anandilozera ndi chibwano. Ndinagona m'khumbi la mbuzi.

M'mawa dzuwa litatuluka ndinamuona akulowa m'kakhitchini kopanda chitseko. Anagwada movutikira, dzanja limodzi pansi. Anagogoda mbiya ndi chala, n'kuika khutu.

"Mwadzuka?"

Nkhwangwa inandipulumuka. Ndinakhala pa chipika.

Mowa unapsa mawa lake. Anthu anasonkhana pabwalo la nyumbayo, akazi akukuntha, masese akugwera m'lichero, nkhuku zikulimbirana. Mayiyo anatunga choyamba, nathira pang'ono pansi, namwa, napereka. Dzuwa litapendeka, anthu atayamba kukweza mawu, iye anakakhala yekha pakhonde la kakhitchini kaja. Ndinapita kukakhala chapatali pang'ono.

"Mayi, ine ndimayenda ndi nkhani. Ndikupatseni imodzi, yothokozera mowa."

"Ngati ndi ya wa njinga, alendo, ndinaimva. Kuno amaikamba chaka ndi chaka."

"Ndi yomweyo. Koma ili ndi mbali ina."

Ndinaikamba yonse, mwapang'onopang'ono, maso ali pansi. Iye ankatola timiyala m'mapira a m'lichero ndi zala, osayang'ana. Nditafika pa kukwecha, zala zinaima.

"Mchenga wokha?"

"Ndi phulusa."

"Ee, phulusa." Anapukusa mutu. "Koma sanatsukuluze bwino. Mchenga unatsalira pansi."

"Mwadziwa bwanji?"

"Mwamuna satsukuluza bwino."

Ndinakweza maso. "Ndiye kuti mkaziyo anadziwa?"

"Munthu wopisa mkono m'mbiya chiyambire utsikana angalephere kudziwa? Anathira thobwa mu mdima osaona. Litakana kuwira anapisa mkono mpaka pansi, n'kumva mchenga m'zikhadabo. Bona lili mawa. Ndipo wa bona sabwereka kwa anansi."

"Nanga bwanji sananene?"

"Anene kuti chiyani? Kuti mwamuna wanga ndi chitsiru, pamaso pa midzi itatu? Ankadikira mwini wake. Pakamwa anali napo. Anakhala pomwepo, ngati apa ndi apo."

Kubwaloko wina anayamba kuimba, ena n'kumuletsa kuti dzuwa likadalipo.

"Mbiya ija inafa?" ndinafunsa.

Anaseka, kuseka kouma, kwa m'mphuno. "Mbiya siifa ndi mchenga, bambo. Kupempha chipanda chimodzi cha wowira kwa mnzako, kuthiramo, kufulula kawiri katatu, yadzuka. Mkamwiniyo akanakhala mpaka masika akanamwa."

Ndinafuna kunena kuti pepani. Mawuwo anali aang'ono kwambiri, ngati kubweza njere imodzi pa nkhokwe imene unatentha. Iye anayambanso kutola timiyala.

"Nkhani yanuyi mwandiuza ine kuseri kuno," anatero. "Ya wa njinga ija anaikambira pabwalo."

Ndinaimirira. Bondo linalira. Kuchokera pakhondepo kufika pakati pa anthu panali mapazi makumi awiri, ndipo ndi ulendo wautali kuposa onse amene ndayenda. Ndinaomba m'manja kupempha malo.

"Eni mudzi, zikomo. Nkhani ya mkazi amene mowa wake wa bona unagona mumaidziwa."

"Timaidziwa! Wa usipa uja!"

"Wa usipa kunalibe. Telala kunalibe. Mkaziyo dzina lake Nachanza, ndipo anadika monga mwambo unenera. Mbiya ya amake inatsukidwa ndi mchenga ndi phulusa. Anatsuka ndi mwamuna wake. Atafunsidwa anakhala chete. Mwamunayo ndine."

Khuntho linadontha m'mbiya, dontho, dontho. Kenako mkulu wina wopanda mano akutsogolo anati, "Mutu munalowetsa wonse, madala?"

"Mpaka m'mapewa."

"M'mbiya ya apongozi?"

"Ya apongozi."

Bwalo linaphulika. Wina anagwa pa mpando. Mayi wina amene ankakuntha anaponya khuntho pansi, namanga chitenje m'chiuno, nayambitsa pomwepo, anzake n'kulandira ndi m'manja:

Mkamwini wakwecha mbiya, ee,
wakwecha ya apongozi,
mpatseni chiguduli, ee,
akakweche ndi mitondo.

Anandizungulira akuvina, wina akundikwecha pamsana ndi chitsononkho. Ndinaima pakati, manja ali lende. Nyimbo imene ndinaiopa moyo wanga wonse inatha chipanda chisanazungulire kawiri. Itatha, mayi woyambitsa uja anasiya kuseka. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Tsono mnzathuyo munamusiya ndi dzina limenelo zaka zonsezi?"

"Ndinamusiya nalo."

"Ha," anatero. Anatola khuntho lake, nalikung'untha. Mawu amenewo ndiwo anandilasa, osati nyimbo.

Nditabwerera pakhonde, Amake Sineya anali ataunjika zipanda zogwiritsa ntchito m'beseni. Anakankhira beseniyo kwa ine ndi phazi.

"Tsukani izi. Mbiya musayandikire."

Ndinakhala pamenepo mpaka masika anatha. Ndinkatsuka zipanda, kuwaza nkhuni, kuyanika chimera. Tinkalankhula za mvula, za nankafumbwe, za mbuzi. Tsiku lina ndinamufunsa chiwongo chake. Anati anachisiya kutsidya kwa mtsinje, ndipo sanati mtsinje uti. Ndinamufunsa za Sineya, anati ali ku tauni, sanati bambo wake ndani. Mphepo ya chisanu itayamba, m'mawa wina anandipatsa chigubu cha thobwa ndi mbatata zootcha zitatu.

"Mlendo ndi mame," anatero. "Muyende bwino, bambo. Kumene mukupitako mukaikambe yonse."

Ndakhala ndikuikamba. Pa dima lililonse, pa bona lililonse, ndimaimirira n'kunena kuti ndine. Kwina amaimba, kwina amandithamangitsa kuti ndaledzera. Dzinja lapitali, m'mudzi umene sindinafikemo chibadwire, mnyamata wina wa ndevu zongomera anaikamba ndisanatsegule pakamwa. Wa njinga munalibe. Munali mkamwini wopusa, wa mutu m'mbiya, miyendo ikupalasa kunja, ndi mkazi amene anakhala chete kuti asamuchititse manyazi. Akazi anati, "Kalanga mnzathu." Amuna anamutukwana mkamwiniyo mpaka agogo ake. Ndinamwa chipanda changa mwakachetechete, ndipo mowawo unandikomera.

Chimene sindidziwa ndi ichi. Nachanza ankagogoda kawiri, mayi uja ankagogoda katatu. Mbiya yake inali yobenthuka mlomo, koma ndaona mbiya zambiri, ndipo yakale yosabenthuka sindinaione. Nkhope ya Nachanza ndinaiyenda nayo nthawi yaitali mpaka inafufutika ngati ndalama yachitsulo, moti ndikanakumana naye pa chitsime sindikanalumbira. Za mchenga wotsalira pansi, wofulula aliyense wanzeru akanatha kuganiza. Mwina anali iye. Mwina anali mkazi wina amene anamva nkhani ija kwa anthu onga Chikadza, n'kuona kuti yasowa woiyankhira. Anthu akandifunsa ndimati ndinamupeza, chifukwa nkhani imafuna potsirizira. Koma inu ndikuuzeni zoona: sindidziwa ngati Nachanza anamva.